Malemu Anwari Abweretsa Nsomba

A Anwari anamva za imfa yawo ali pagombe la ku Kawe, mumzinda wa Dar es Salaam, akupala mamba a nsomba ya kasitomala. Wobweretsa uthengawo anali mwana wawo yemwe, Shadya. Anaima pambali pa thebulo lawo, nkhope atalozetsa kunyanja ngati nkhaniyo akuuza mabwato.

"Ndawauza kuti munamwalira, Baba."

Ananena m'Chiswahili, monga mwa masiku onse. Chichewa Shadya ankachimva chonse, ndi miseche yomwe, koma chikafika pakamwa pake chinkakakamira. A Anwari anapitiriza kupala. Anamaliza mbali imodzi, n'kuitembenuza nsombayo, kenaka mpeni unaima wokha.

"Wauza ndani?"

"Mabwana a ku intavyu ya bungwe la zanyama. Anandifunsa kuti bambo ako ndi a kuti. Onse anali akundiyang'ana. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti makolo anga onse awiri anamwalira."

"Onse awiri."

"Za Mama si bodza."

Inde, za mayi ake silinali bodza. Mwanamkuu, mkazi wa a Anwari, mwana wa konkuno ku Dar es Salaam, anagona kumanda a ku Kawe Shadya akadali ku pulayimale. Koma kholo lotsalalo linali pomwepo, lamoyo, mamba ali mbuu m'mikono, ntchentche zikulizungulira. A Anwari anafuna kukalipa. Nanga akalipira yani? Amene anaphunzitsa mwanayu mantha anali iwo omwe.

Iwo anakulira ku Machinga, m'mudzi wochita malire ndi nkhalango ya nyama. Ana anzawo akaona agemu, asilikali olondera nyama aja, ankathawira m'chimanga, koma iwo ankawatsata pambuyo mpaka pawaya. Ankasirira jombo, ankasirira mfuti, koma koposa zonse ankasirira mmene munthu ankanjutira pansi, n'kuyang'ana phazi la njovu, n'kunena kuti iyi yadutsa m'mawa womwe uno ndipo ili ndi mwana. Atakula anakayesa mwayi. Pothamanga anawasiya anzawo onse m'fumbi, koma atafunsidwa satifiketi ya sukulu anangoti kukamwa yasa, poti sukuluyo anailekera sitandade sikisi. Anabwerera kumudzi wapansi. Patapita zaka anakwera lole ya akulu awo a Ramazani ngati wokweza katundu, natsikira ku Dar es Salaam, osabwereranso. Nkhalango ija anabwera nayo m'mutu, n'kudzaikhuthulira mwa mwana.

Mwanayo anaimwa yonse. Atsikana anzake akamalota zotsegula saluni, Shadya ankajambula mapazi a fisi pamchenga, bambo ake n'kumamukonza kuti iwe, phazi lakutsogolo ndiye lalikulu, fisi wakoyo ayenda bwanji?

Komatu ugemu wa masiku ano si jombo ndi mfuti chabe. Amafuna wa Fomu 4 wokhoza bwino. Shadya anakhoza. Amafuna wodutsa ku maphunziro a usilikali a achinyamata. Anapita, anametedwa mpala, n'kubwerako ali bii, mawu atakhwima. Amafuna wa maso akuthwa, wa mapazi osaphwatalala, wa chifuwa chabwino, wotha kuthamanga mtunda wautali atabereka thumba la mchenga. Za thumbazo ndiye a Anwari anazitenga ngati ntchito yawo. Akangochoka ku mzikiti m'bandakucha ankamumangirira thumbalo kumsana, iye patsogolo, iwo pambuyo panjinga, mpaka ku Mikocheni n'kubwerera, akukuwa m'Chichewa kuti tola miyendo iwe, njati siidikira munthu. Anthu a pamsewu ankaseka kuti mkulu uyu amupha mwanayu. Chaka choyamba Shadya anakomoka pampikisano. Chaka china dzina silinatuluke. Chaka chino chinali chomaliza, chifukwa zaka zake zinali zitafika pamalire amene bungwe la zanyama limalola, ndipo akanagwanso ndiye kuti basi, thumba lija analinyamulira pachabe.

Amafunanso nzika. Shadya anali nzika kudzera kwa mayi ake, zonse zili m'malo mwake. Koma a Anwari anali atamva za mwana wa munthu wina wa ku Mangochi amene anafika mpaka kumapeto, n'kuuzidwa kuti ayambe wafotokoza bwino za bambo ake, ndipo pamene ankafotokoza anzake anali atapita kale ku maphunziro. Kaya zinali zoona kaya zokamba za pagombe, nkhaniyo inawalowa m'mafupa. Anayamba kumulangiza mwana: usatchule za ku Malawi, Chichewa chisakupulumuke pagulu, dzina langali ndi la Chisilamu, lingathe kukhala la munthu wa ku Kilwa. Iwo ankati mwana awabise pang'ono kuseri kwa chitseko. Mwana anawakwirira.

"Ndiye wakhoza?" anafunsa, akupukuta mpeni pa nsanza.

"Ndakhoza. Kwatsala chimodzi. Abwera kunyumba kudzafufuza mbiri yanga. Akuti mlonda wa nyama amagwira mfuti ya boma, amamanga anthu, amakaima m'khoti kuchitira umboni, ndiye sangatenge munthu wosamudziwa kochokera. Ndawauza kuti ndimakhala ku Kimara kwa mayi aang'ono. Abwera Lachisanu."

Mayi aang'onowo anali a Mwanahija, mng'ono wake wa malemu Mwanamkuu, kumene Shadya ankakhala pophunzira sekondale. Anthu a kumeneko ankamudziwa ngati mwana wa nyumba imeneyo. Bodzalo likanatha kuima ndithu, bola mwini wake wa maliro akhale kutali.

"Wachita bwino," anatero a Anwari, ngakhale mtima unkawawa ngati wathiridwa mchere. "Lachisanu ine ndikhala kuno. Munthu wakufa sayendayenda."

Anayesa kuseka kuti mwana naye aseke. Shadya anaphimba nkhope ndi mpango n'kuchoka.

Tsono tamvani za munthu ameneyu. Anauzidwa bwinobwino kuti akhale kutali, iye n'kuvomera ndi pakamwa pake. Koma Lachinayi m'mawa mabwato atabwera ndi nsomba zonona zotchedwa changu, maganizo anawafikira akuti mlendo wamkulu chotere, wonyamula tsogolo la mwana wawo m'manja, angakadye nyemba kwa a Mwanahija? Ayi, zimenezo ndi zamanyazi. Lachinayi si Lachisanu. Anasankha nsomba zabwino zokhazokha, anaziika m'ndowa ya ayisi, n'kukwera minibasi ya daladala, kenaka basi yaikulu yothamanga ya mwendokasi, ndowa ili pakati pa miyendo, anthu akuwayang'ana cham'mbali chifukwa cha fungo.

"Shemeji, mwatani kodi?" anatero a Mwanahija atawaona pakhomo. Anali mayi wa lilime lakuthwa, koma mlamu wawoyu ankamumvera chisoni. "Si mwamwalira inu?"

"Ndimwalira mawa. Lero ndabweretsa ndiwo."

Anadutsa pabalaza n'kupita kuseri kukazikonza. Nyumbayo inali ndi khomo limodzi lotulukira kumsewu. Kuseri kunali kabwalo kophikira ndi chimbudzi, kotchingidwa ndi khoma lalitali la magalasi osweka pamwamba. Shadya anabwera kudzawagwirira beseni. Anali atangotumbula nsomba yachiwiri pamene kukhomo kunamveka mawu a mwamuna.

"Hodi!"

Anthu a ntchito imeneyi amatero dala. Amanena Lachisanu n'kubwera Lachinayi, kuti aone nyumba isanasesedwe.

Shadya anayang'ana bambo ake, bambo ake anayang'ana khoma. Kukwera sikukanatheka. A Anwari anamukodola ndi mutu kuti pita, ndipo iwo ananjuta pansi pa zenera, mpeni uli m'manja, kupuma pang'onopang'ono. Anamva mlendoyo akudzitchula kuti ndi Afande Samueli, afande likhala dzina laulemu la mkulu wa asilikali. Anali wa mawu ofatsa, woseka msanga. Anafunsa za sukulu, za anzake a Shadya, ngati anagwidwapo ndi apolisi, ngati pamtundu pawo alipo wochita malonda a nyama ya m'tchire kapena minyanga. Anamuuza zomwe zikumudikira akatengedwa: kugwira mfuti, malamulo a zanyama, kamangidwe ka munthu kosaphwanya lamulo, kasungidwe ka umboni, kuwerenga mapu, kumanga bala la mnzako muli pakati pa tchire, kugona panja mvula ikugwa. Shadya ankayankha bwino, mawu osanjenjemera. Pansi pa zenera paja a Anwari ankagwedeza mutu pa yankho lililonse, miyendo itachita dzanzi, mtima utadzaza ndi kunyada.

Kenaka a Mwanahija anatulukira kuseriko, maso ali tong'o.

"Akufuna kuona nyumba yonse, mpaka kuno," ananong'ona. "Kuli bwino mutuluke nokha asanakupezeni mutabisala ngati mbava. Ndinu wogulitsa nsomba, mwamva? Mungodutsa. Musatsegule pakamwa. Zikavuta nenani samahani, basi."

A Anwari anatsuka m'manja, ananyamula ndowa yawo. Samahani, samahani, samahani, anabwereza chamumtima. Mawu a Chiswahili opepesera ndi opemphera njirawa anali atawanena kosawerengeka m'zaka zonse zomwe anakhala mumzinda uno, m'madaladala, m'misika, paliponse. Panalibe chovuta.

Pabalaza panali popanikiza. Njira yokha yopita kukhomo inali pakati pa thebulo ndi mawondo a mlendoyo, bambo wa imvi zapatalipatali, wovala malaya wamba. Ndipo apa ndi pamene thupi linawapereka. Mutu unkati samahani, koma msana unakumbukira za ku Machinga, zomwe mayi awo anawaphunzitsa ndi kambama kuti pamaso pa munthu wamkulu sudutsa chilili. Anawerama, dzanja lamanja linatsika lokha kuloza pansi, ndipo pakamwa panatuluka mawu.

"Zikomo."

A Mwanahija anatseka maso. Shadya anauma pampando.

Afande Samueli anawomba m'manja, nkhope yonse ikuwala.

"Zikomo kwambiri, achimwene! Muli bwanji?" anatero m'Chichewa chopindika, kenaka n'kubwerera ku Chiswahili akuseka. "Kwathu ndi ku Kyela, kufupi ndi malire. Ndakula ndi madalaivala a ku Malawi, mawu amenewo ndinawasowa. Khalani pansi pang'ono, mzee. Dzina ndani?"

Akanakhala munthu wankhanza bwenzi zili bwino, munthu umadziwa pomugwira. Koma uyu anali wokoma mtima, ndipo anawasunthira mpando ndi dzanja lake. A Anwari anakhala m'mphepete mwa mpandowo, ndowa ili pamiyendo. Dzina lawo linali lachiwiri pa maina a Shadya. Kulitchula kunali kumaliza zonse.

"Ramazani," anatero. Akulu awo aja anafera pangozi ya lole m'mapiri a ku Iringa kalekale. A Anwari anabwereka dzina la wakufa weniweni.

"A pano mumawadziwa bwino, mzee Ramazani?"

"Ndimabweretsa nsomba."

"Kuyambira liti?"

"Mwanayu asanabadwe."

"Ohoo. Ndiye bambo ake munkawadziwa?"

A Anwari anayang'ana m'ndowa. Munali madzi a ayisi wosungunuka ndi mamba ochepa.

"Ndinkawadziwa. Tinkapala nsomba thebulo limodzi ku Kawe."

"Anali a kuti?"

"A ku Kilwa."

"Anali munthu wotani? Ndifunse inu, poti mwanayu akuoneka kuti nkhani imeneyi imamuvuta."

Apa a Anwari akanatha kungoti anali munthu wabwino, n'kunyamuka. Koma munthu sapatsidwa kawiri mwayi woyankhula pamaliro ake.

"Anali wosauka, afande. Wosaphunzira. Wamakani pang'ono, akauzidwa kuti khala apa sankamva. Ntchito imene mwanayu akufunayi, iyeyo ndiye anayamba kuifuna ali mnyamata, koma anamubweza chifukwa cha sukulu. Zinamupweteka moyo wake wonse. Ndiye mwanayu atabadwa anamuphunzitsa zonse zomwe ankadziwa, mapazi a nyama, kayendedwe ka mphepo, kupirira ludzu. Ankakonda kutiuza pagombe kuti mwana wanga akadzangovala yunifolomu ija, ine ndingafe tsiku lomwelo, palibe kanthu." Anasuntha ndowa pamiyendo. "Sanamusungire chakukhosi mwanayu pa chilichonse. Zimenezo ndikudziwa ine."

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Ayi. Zinangochitika mwadzidzidzi. M'mawa wina ali pantchito, mpeni uli m'manja."

Shadya analira. Sikunali kulira kwa misozi yokha ayi, kunali kochokera m'mimba, mapewa akugwedezeka, mpango ataluma ndi mano. A Mwanahija anamukumbatira, nawonso misozi ili chuchuchu. Afande Samueli anadikira mwaulemu, ndipo chimene anaona iye chinali mwana wamasiye amene wakumbutsidwa bambo ake.

"Pole, binti," anatero pomupepesa mtsikanayo. Kenaka anatembenukira kwa a Anwari. "Mwandithandiza, mzee. Umboni wa munthu wamkulu wopanda mbali ngati inu ndi umene ndimaufuna. Mwana wa munthu wotero sangatigulitse kwa opha njovu."

Anawagwira chanza. A Anwari anatuluka, ndowa ili m'manja. Sanakwere basi nthawi yomweyo. Anakaima pamlatho wa oyenda pansi, akuyang'ana malole a ku Malawi akutuluka mumzinda pa msewu wa Morogoro, mpaka dzuwa linawaotcha pamutu.

Dzina la Shadya linatuluka. Anabwera yekha ku Kawe kudzawauza, ndipo anasangalala limodzi, anaphika mpunga wa kokonati, anaitana anansi. Koma pambuyo pa chakudya anafunika kukambirana zotsala, ndipo zotsalazo zinali zowawa. Afande Samueli anali mmodzi wa aphunzitsi a kumaphunziroko, ndipo nkhope ya mzee Ramazani wogulitsa nsomba ankaidziwa. Tsiku lomaliza maphunziro, makolo akamadzakhala pamthunzi kuonerera ana awo akuguba, mpando wa kholo udzakhala wa a Mwanahija. Wodziwitsidwa pakagwa zovuta analinso a Mwanahija. Kutanthauza kuti njati ikadzamuponda mwanayu, kapena chipolopolo cha opha nyama chikadzamupeza, a Anwari adzamva pambuyo, kwa mlamu, ngati munthu wapadera.

"Ndikhoza kukawauza zoona, Baba," anatero Shadya. "Ndikanena kuti ndinachita mantha."

"Ukanena, akakuchotsa chifukwa cha bodza. Ndipo nane ndanama pamaso pa afande. Zatha zimenezo." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ukapondeko bwino kutchireko. Ukaona phazi la fisi ukandikumbuke."

Analonjeza kuti tsiku lonyamuka sadzabwera. Inu mukuwadziwa kale a Anwari.

Basi ya bungwe inaima ku Kimara m'mawa, pambali pa msewu. Panali chipwirikiti cha makolo, ena akulira, ena akukankhira ana awo mikate ndi mabotolo a madzi m'zikwama. A Anwari anaima patali, kuseri kwa wogulitsa machungwa, atavala kanzu, mkanjo wawo wa Lachisanu. Ankati angoona mutu wake ukulowa m'basi, basi. Koma maso a mlonda wa nyama ndi akuthwa, paja amawayeza.

"Achimwene Ramazani!" anakuwa Afande Samueli. "Mwabwera kudzaperekeza mwana wa mnzanu? Mwachita bwino kwambiri. Bwerani kuno, muime pafupi, muimirire malemu."

Anawakoka dzanja mpaka pakhomo penipeni pa basi. Achinyamata anafola mzere n'kuyamba kukwera, aliyense ndi chikwama chake, mitu yometa. A Mwanahija anali cha uko, atagwira pakamwa. Mzere unkafupika, ndipo a Anwari anamuona mwana wawo akuyandikira, wamtali, mapewa otambalala ndi thumba la mchenga lija. Manja awo ankafuna kutambasuka okha. Anawabisa kumbuyo, lina litagwira linzake zolimba.

Shadya anafika. Panalibe njira ina yolowera koma kudutsa pamaso pawo. Mtsikana wa mumzinda uno akanati shikamoo, mzee, moni wa Chiswahili wopatsa akuluakulu, n'kukwera, ndipo palibe akanadabwa. Iye anaima kamphindi. Kenaka anawerama, chikwama chili kumsana, dzanja lamanja linatsika kuloza pansi, ndipo ananena m'chinenero chimene chinkamukakamira pakamwa kuyambira ali mwana.

"Zikomo."

A Anwari sanadziwe ngati mwanayo akupempha njira, kapena akuthokoza, kapena akupepesa, poti kwathu mawu amenewa amanyamula zonsezo. Anafuna kumufunsa. Anafuna kumutchula dzina lomwe ankamutchula ali wakhanda.

"Zikomo," anayankha, monga mmene munthu amayankhira mwana wa eni ake.

Shadya anakwera, n'kukakhala mbali ya kumsewu kumene sakanaoneka. Afande Samueli anaseka, akuwagwira a Anwari paphewa.

"Mwamumva? Mawu aja anangowamva kamodzi kokha tsiku lija, wawagwira kale, ndi kaweramidwe komwe. Mwanayu ndi wochenjera."

"Ndi wochenjera," anavomera a Anwari, maso ali pachitseko cha basi chomwe chinali kutsekeka. "Anatengera malemu bambo ake."